Galimoto Ikaombana ndi Njinga, Mlandu Ugwera Ndani?

Mwezi wa Shaaban wapitawu, titamaliza Swala ya Asr, bambo wina anandidikirira pakhonde la mzikiti mpaka anthu onse atabalalika. Ndi dalaivala wa kalole konyamula nsomba, munthu wa banja lake, ndipo panali patatha masabata atatu asakupeza tulo. Madzulo ena kutangoda, akuchokera ku Mangochi kulowera ku Liwonde, anaomba mnyamata wa kabaza yemwe anatulukira m'kanjira ka kumudzi pa njinga yopanda nyali, atanyamula mayi wina kumbuyo. Mnyamatayo anamwalira ali pa ulendo wa kuchipatala. Mayiyo anathyoka mwendo. Apolisi anachita mbali yawo, nkhani ya chipukuta misozi ili m'manja mwa a inshuwalansi, koma chomwe chinkamudya bamboyu chinali china. Anati: "Shehe, kodi kwa Allah ine ndine wakupha? Ndisale miyezi iwiri ija kapena ayi? Nanga ndalama zomwe ndinapereka pamaliro zija, ndiye kuti ndathana nazo?"

Mafunso atatuwa ali ndi mayankho, koma mayankho ake sabwera wofunsayo asanafunsidwenso mafunso ena. Ndaona kuti n'koyenera kuti ophunzira athu ndi aphunzitsi a m'madrasa adziwe momwe fiqh imayendera pa nkhani yotere, chifukwa anthu akagwa m'mavuto awa amathamangira kwa ife, ndipo kawirikawiri timangowapepesa n'kuwabweza chimanjamanja.

Pali mayankho awiri omwe amamveka msanga pamaliro. Loyamba ndi lakuti inali nthawi yake, palibe wolakwa. N'zoona kuti palibe mzimu womwe umachoka nthawi yake isanakwane. Koma Allah yemwe analemba nthawiyo ndi Yemwenso anatsitsa ndime 92 ya Surat An-Nisaa, yomwe ikulamula diya ndi kaffara pa munthu amene wapha mnzake mosafuna. Chikonzero cha Allah chikanakhala chofufuta milandu, ndimeyi ikanakhala yopanda ntchito. Lachiwiri ndi lakuti wa galimoto ndiye wolakwa nthawi zonse popeza ndiye ali ndi chitsulo chachikulu. Yankho ili lili ndi kachoonadi mkati mwake, monga tione kutsogoloku, koma si lonse lomwe lili loona.

Mabuku athu akuluakulu a fiqh analembedwa njinga ndi galimoto kulibe. Njinga ya matayala awiri ofanana, ngati yomwe tikuidziwa lero, inatulukira ku England mu 1885. Galimoto ya Karl Benz inalembetsedwa ku Germany mu 1886. Ndipo pofika 1896 ku New York galimoto inali itaomba kale munthu wa panjinga n'kumuthyola mwendo. Komabe misewu ya ku Kufa, Baghdad ndi Cairo inali yodzaza ndi ngamila, mahatchi ndi abulu osenza nkhuni, ndipo pa Nile ndi pa Tigris ngalawa zinkaombana. Ma qadhi ankaweruza milandu yotere. N'chifukwa chake m'gawo la jinayaat, lomwe limakamba za kupha ndi kuvulaza, muli mitu ya kuombana kwa okwera, kuombana kwa ngalawa, ndi zomwe ziweto zaononga. Maziko omwe anaikidwa m'mitu imeneyi ndi omwe tikumangapo lero.

Maziko oyamba ndi akuti msewu ndi wa onse. Aliyense ali ndi ufulu wodutsamo, koma ufuluwo uli ndi chingwe: adutse mosavulaza ena pa zonse zomwe angathe kuzipewa. Ma Hanafi anaifotokoza mfundoyi ndi zitsanzo zomveka, monga momwe zilili mu Al-Hidaya ya al-Marghinani, yemwe anamwalira mu 1197. Wokwera hatchi amalipira chomwe hatchiyo yaponda kapena yagunda ndi mutu, chifukwa chingwe chili m'manja mwake ndipo kutsogolo akuona. Salipira fumbi kapena timiyala ting'onoting'ono tomwe ziboda zauluza, chifukwa palibe hatchi yoyenda yosadzutsa fumbi. Koma ziboda zikauluza mwala waukulu n'kuvulaza munthu, amalipira, poti mwala wotere suuluka pokhapokha wokwerayo akuthamangitsa mopyola muyeso. Imam an-Nawawi, yemwe anamwalira mu 1277 ndipo buku lake la Minhaj at-Talibin limawerengedwa m'madrasa athu ambiri, ananenanso chimodzimodzi za munthu wothamangitsa chiweto m'matope: wachita zosazolowereka, ndiye chotulukapo chili pa iye. Taonani kuti liwiro linali kale muyeso wa mlandu zaka zoposa mazana asanu ndi awiri zapitazo.

Maziko achiwiri ndi kusiyanitsa anthu awiri: mubashir ndi mutasabbib. Mubashir ndi amene thupi lake kapena chida chomwe chili m'manja mwake chakhudza mwachindunji n'kuononga. Mutasabbib ndi amene sanakhudze, koma wachita chinthu chomwe chatsegula njira ya kuonongekako, monga wokumba dzenje pamsewu. Mubashir amalipira ngakhale sanafune komanso ngakhale sanaphwanye lamulo lililonse. Mutasabbib salipira pokhapokha atalumpha malire kapena atanyozera udindo wake. Awiriwa akakumana pa mlandu umodzi, wina wakumba dzenje wina wakankhiramo munthu, mlandu umagwera wokankhayo. Mfundo zimenezi zinalembedwa ngati malamulo a boma mu Majalla ya ufumu wa Ottoman, yomwe inakonzedwa pakati pa 1869 ndi 1876.

Apa ndi pomwe pali kachoonadi kaja. Dalaivala yemwe galimoto yake yagunda njinga ndiye mubashir, choncho poyambira mlandu uli pa iye, ndipo ndi iyeyo amene ayenera kusonyeza chomwe chingamuchotsere. Wina angafunse: nanga si pali Hadith, mu Bukhari ndi mu Muslim, yosonyeza kuti chomwe chiweto chavulaza pachokha chilibe malipiro? Ilipo. Koma chiweto chili ndi mtima wake. Chimadzidzimuka, chimalusa, chimathawa mwini wake asakufuna. Galimoto ilibe zimenezo. Ndi chida ngati nkhwangwa, ndipo chomwe yachita ndi chomwe woigwira wachita. Ma ulama a masiku ano anaona kuti pa chifukwa chimenechi udindo wa dalaivala ndi wolemera kuposa wa wokwera hatchi. Koma tisaiwale kuti njinga nayo ilibe mtima. Wa kabaza akagunda mwana pamsika, iyenso ndi mubashir.

Njovu ndi nkhosa

Tsono onse awiri akuyenda n'kuombana, zikhala bwanji? Pamenepa madhhab anasiyana, ndipo kusiyana kwake n'kophunzitsa. Okwera awiri akaombana mosafuna onse n'kufa, Imam Abu Hanifa, Imam Malik ndi Imam Ahmad, Allah awachitire chifundo, anati abale a aliyense alipire diya yonse ya mnzakeyo, chifukwa aliyense wafa ndi kugunda kwa mnzake. Imam ash-Shafi'i, yemwe ambiri mwa ife kuno timatsatira madhhab ake, anati ayi, ndi theka. Aliyense wafa ndi zinthu ziwiri, kuthamanga kwake ndi kuthamanga kwa mnzake. Gawo lomwe wadzichitira yekha limatayika, palibe womulipira. Gawo la mnzake ndi lomwe limalipidwa. Chimodzimodzi ziweto zikafa: aliyense alipira theka la mtengo wa chiweto cha mnzake, kuchokera m'chuma chake.

Maganizo akuti wovulalayo akhoza kukhala ndi gawo pa kuvulala kwake si achilendo m'mbiri yathu. Kunanenedwa za Ali bin Abi Talib, Allah asangalale naye, kuti anaweruza mlandu wa atsikana atatu omwe ankasewera. Mmodzi anakwera pamsana pa mnzake, wachitatu anatsina wonyamulayo, iye n'kudumpha, wokwerayo n'kugwa n'kuthyoka khosi. Ali anagawa diya patatu: gawo limodzi pa wotsina, lina pa wodumpha, ndipo lachitatu analichotsa chifukwa womwalirayo anatenga nawo mbali pa masewerawo.

Koma hatchi ndi hatchi n'zofanana. Lole ndi njinga zifanana pati? Funso ili akale sanalilumphe. Imam ash-Shafi'i ananena kuti lamulo la theka silisintha ngakhale wina akhale pa njovu wina pa nkhosa yamphongo. Patapita zaka zoposa mazana awiri, Imam al-Haramayn al-Juwayni, yemwe anamwalira mu 1085, anaikapo malire: ngati chiweto chimodzi ndi chofooka kwambiri kotero kuti tili otsimikiza kuti kuyenda kwake sikunaonjezere kanthu pa ngoziyo, kuyendako sikuwerengedwa. Anakufanizira ndi kubaya kwa singano pachidendene cha munthu yemwe ali ndi mabala akuluakulu a imfa. Obwera pambuyo anagwirizanitsa mawu awiriwa ponena kuti za nkhosa sitingatsimikize kuti mphamvu yake inalibe gawo.

Ine ndimaona kuti mawu a al-Juwayni ndi ofunika kwambiri pa nkhani yathuyi. Pamene lole yagunda njinga, mphamvu yomwe yapha si ya miyendo ya wopalasayo. Choncho sitinganene kuti poti onse ankayenda, basi ndi theka ndi theka. Funso loyenera si lakuti ndani ankayenda, koma lakuti kodi wa njingayo anachita chiyani chomwe chinamuika kutsogolo kwa galimotoyo. Ngati ankapalasa kumbali yake ya kumanzere, masana dzuwa likuswa mtengo, galimoto n'kumugunda kumbuyo, kuyenda kwake kuli ngati singano ija, ndipo mlandu wonse uli pa dalaivala. Ngati anadula msewu osayang'ana, gawo lake silichokera ku mphamvu ya njinga, likuchokera ku kulumpha kwake malire ngati mutasabbib. Allah ndiye Wodziwa kwambiri.

Zitsanzo zina ziwiri za akale zimatithandiza. Al-Khiraqi, wa madhhab a Hanbali, analemba za ngalawa yotsika ndi madzi ikagunda yokwera: yotsikayo ndiyo ilipira, chifukwa ndiyo yagwera inzake, pokhapokha ngati mphepo inamuposa mphamvu woyendetsa. Apa ganizirani za mnyamata wotsika pamtsetse ndi matumba atatu a makala, mabuleki kulibe, akudalira kuponda tayala ndi nsapato, n'kukadzigunditsa pa galimoto yomwe yaima pamalo oyenera. Galimoto sinamugunde; iye ndiye mubashir, ndipo galasi lomwe waswa ndi ngongole yake. Sangadzikhululukire kuti njinga inamuposa mphamvu, chifukwa mphepo sachita kuisankha munthu, koma kukwera njinga yopanda mabuleki anachita kusankha. Chitsanzo china ndi cha munthu woima kapena wokhala pamsewu. Ma Shafi'i anati pamsewu wopapatiza, wongoima pang'ono salakwa, chifukwa kuima ndi chimodzi mwa zosowa za woyenda. Koma wokhala pansi kapena wogona walakwa, ndipo womupunthwa akavulala mlandu uli pa iye. Minibasi yoima pakati pa msewu kuti ikweze munthu, ndi dalaivala wotsegula chitseko osayang'ana kumbuyo njinga ikubwera, ali m'gulu la wogona pamsewuyu.

Ndiimepo pang'ono pa nkhani ya hutala, chifukwa ndi yomwe madalaivala athu amadzitetezera nayo. "Ndinamuimbira hutala, sanatsike m'phula." Kuchenjeza kuli ndi malo ake mu fiqh. Mu Minhaj muli nkhani ya wonyamula nkhuni wolowa mumsika. Ngati muli khamu, chilichonse chomwe nkhunizo zaononga alipira. Ngati mulibe khamu ndipo munthu ankamuona akubwera koma sanapatuke, salipira chovala chomwe chang'ambika. Koma wakhungu ndi amene wamufulatira ayenera kuwachenjeza. Ma ulama anaonjezera kuti chenjezo limagwira ntchito ngati wochenjezedwayo analimva ndipo anali ndi kopatukira. Tsono wa njinga yemwe ali kutsogolo kwanu wakufulatirani, ndipo kawirikawiri m'mphepete mwa phula muli chigwembe, mchenga kapena anthu oyenda pansi. Hutala siipereka umwini wa msewu kwa woimbayo. Chizolowezi chomwe chakhazikika chakuti wamkulu akalira wamng'ono adziponye kutchire si urf yomwe Shariya ingaivomereze, chifukwa chizolowezi chophwanya ufulu wa ena sichisanduka lamulo. Ngati kutsogolo kukubwera galimoto ina ndipo malo odutsira njinga palibe, chofunika ndi buleki.

Chigamulo cha ku Brunei

Bungwe la International Islamic Fiqh Academy, lomwe lili pansi pa mgwirizano wa maiko a Chisilamu wa OIC, linakambirana za ngozi za pamsewu pa msonkhano wake wachisanu ndi chitatu ku Bandar Seri Begawan, m'dziko la Brunei, mu June 1993, ndipo linatulutsa chigamulo nambala 71. Poyamba linati kutsatira malamulo a pamsewu omwe satsutsana ndi Shariya ndi waajib, chifukwa anaikidwa pofuna kuteteza miyoyo ndi chuma. Mfundo imeneyi ndi yolemera kuposa momwe imaonekera. Ikutanthauza kuti chikwangwani cha liwiro, laisensi, nyali ndi mbali ya msewu ndi zomwe zimatiuza lero kuti wolumpha malire ndi uti. Kenako linati dalaivala ali ndi udindo pa zomwe waononga, ndipo sakhululukidwa koma pa zifukwa zitatu: ngati ngoziyo yadza ndi mphamvu yomwe sakanatha kuiletsa kapena kuipewa, ngati yadza chifukwa cha zochita za wovulalayo zomwe zinali ndi mphamvu yaikulu pa chotsatiracho, kapena ngati yadza chifukwa cha kulakwa kwa munthu wina wachitatu, ndipo pamenepo mlandu ugwera ameneyo. Linatinso zifukwa ziwiri zikakumana, aliyense asenze molingana ndi kukula kwa gawo lake, ndipo ngati magawowo sakudziwika, agawane mofanana.

Chifukwa chachiwiricho chili ndi muzu wake m'mabuku akale. Munthu akakhala pa hatchi yake akuyenda bwinobwino, wina n'kuibaya ndi ndodo popanda chilolezo, hatchiyo n'kumenya munthu, mlandu ndi wa wobayayo, osati wokwerayo. Wokwerayo wangosanduka chida. Chimodzimodzi dalaivala yemwe akuyenda pa liwiro lololedwa, galimoto ili bwino, maso ali pamsewu, njinga n'kutumphukira kutsogolo kwake pa mtunda womwe palibe munthu akanatha kuimapo: pa iye palibe diya, palibenso kaffara. Koma ndikuchenjezeni ophunzira, musafulumire kumupatsa munthu chikhululuko chimenechi chifukwa choti walira pamaso panu. Mufunseni liwiro. Galimoto yoyenda makilomita 80 pa ola imadutsa mamita 22 pa sekondi imodzi, ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mtunda womwe mabuleki amafuna kuti aimitse galimoto umawirikiza kanayi. Mufunseni za matayala, za nyali, za foni, za tulo. Mawu akuti "anangotulukira" nthawi zambiri amabisa mawu ena akuti "ndinalibe nthawi yoima chifukwa ndinkathamanga".

Pofuna kufananitsa, malamulo a ku England anachedwa kufika pa mfundo yogawana mlanduyi. Pa mlandu wa Butterfield ndi Forrester mu 1809, munthu anapingasa mtengo pamsewu, wina wothamangitsa hatchi madzulo n'kuugunda. Khoti linamumana wovulalayo chipukuta misozi chonse chifukwa nayenso anali wosasamala. Lamulo lololeza kugawa mlandu molingana ndi kulakwa kwa aliyense linadza mu 1945. Maiko ena anapita patsogolo poteteza wofooka. Ku Netherlands, dalaivala yemwe waombana ndi wa njinga wamkulu amalipira theka kapena kuposerapo ngakhale wa njingayo analakwa, ndipo kwa mwana wosafika zaka 14 amalipira zonse, kupatula pa zifukwa zochepa kwambiri. Maganizo akewo sali kutali ndi mfundo yathu ya mubashir. Kuno kwathu milandu imeneyi imaweruzidwa ndi makhoti a boma, ndipo Msilamu alibe njira yowazembera. Lipoti la apolisi ndi chigamulo cha khoti ndi umboni womwe shehe ayenera kuufunsa asanayankhe. Koma khoti silikamba za kaffara, ndipo siliuza banja momwe ligawire ndalama motsatira Shariya. Imeneyo ndi ntchito yathu.

Wokwera kumbuyo kwa kabaza alibe chiwongolero, alibe buleki. Kuvulala kwake kuli pa onse omwe anachititsa ngoziyo, wa galimoto ndi wa njinga yemwe, aliyense pa gawo lake. Za mwana wopalasa njinga, Minhaj ikuti munthu wapadera akakweza mwana pa chiweto popanda chilolezo cha womuyang'anira, zotsatira zake zili pa wokwezayo. Amene amatuma ana a eni kuchigayo pa njinga yaikulu yoti mapazi awo safika pansi aganizirepo.

Diya, chipepeso ndi ana amasiye

Diya ya munthu ndi ngamila 100, ndipo pa golide inaikidwa pa madinari 1,000, omwe pa muyeso wa lero ndi pafupifupi makilogalamu 4.25. Palibe dalaivala wa kalole ka nsomba angakwanitse zimenezi, ndipo Shariya sinamusenzetse yekha. Pa kupha kosafuna diya imalipidwa ndi aaqila m'zaka zitatu. Aaqila ndi amuna a ku mbali ya bambo: abale ake, ana a abale ake, abale a bambo ake ndi ana awo. Mfundo iyi imawadabwitsa ambiri kwathu kuno komwe mbumba imatsata kuchikazi ndipo mlandu ukagwa timathamangira kwa amalume. Ma Shafi'i anati wolemera mwa iwo apereke theka la dinari pa chaka, wapakati gawo limodzi la magawo anayi, wosauka asapereke kanthu. Koma kuonongeka kwa katundu, njinga kapena galimoto, aaqila salipira. Kumeneko n'kwa mwini mlandu.

Umar bin al-Khattab, Allah asangalale naye, atakhazikitsa diwan, kaundula wa asilikali olandira malipiro, anthu a m'kaundula mmodzi ankalipirirana diya, ndipo ma Hanafi anatengapo mfundo yakuti muzu wa aaqila ndi kuthandizana, osati magazi okha. Pa maziko amenewa bungwe la fiqh lija, pa msonkhano wake wa ku Dubai mu 2005, linati pomwe mtundu sungathe kusenza diya, malo ake angatengedwe ndi inshuwalansi ya takaful, mabungwe a anthu a ntchito imodzi, kapena thumba lomwe ogwira ntchito akhazikitsa. Ndikaona anyamata a kabaza pa siteji akusonkherana ndalama mnzawo akadwala, ndimaona kuti aaqila ilipo kale pakati pawo, yangosowa woilongosola. Inshuwalansi yomwe boma limakakamiza galimoto iliyonse kukhala nayo si ya takaful, ndipo ma ulama ambiri sailola inshuwalansi ya malonda munthu akachita kuifuna yekha. Koma yokakamizidwa ndi lamulo anailola, ndipo ambiri anati banja la womwalira likhoza kulandira zomwe kampani yapereka, chifukwa ndi ufulu wawo womwe wadzera m'dzanja lina.

Tsono funso lachitatu la bambo uja. Ndalama ya sanda, thumba la ufa ndi galimoto yonyamula maliro ndi chipepeso. N'chabwino, ndipo wosachita zimenezi tingamudabwe. Koma si diya. Diya imatha m'njira ziwiri zokha: kulipidwa, kapena eni ake kuikhululuka kapena kugwirizana pa ndalama yocheperapo akudziwa chomwe akusiya. Ndime ija ya mu An-Nisaa inatsegula khomo la kukhululukaku. Vuto ndi lakuti eni ake ndi ndani. Diya ndi chuma cha masiye, chimagawidwa ngati mirathi. Umar poyamba ankaona kuti mkazi salandira gawo pa diya ya mwamuna wake, mpaka ad-Dahhak bin Sufyan anamuuza kuti Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, anamulembera kalata yomulamula kuti apatse mkazi wa Ashyam ad-Dibabi gawo pa diya ya mwamuna wake. Umar anabweza maganizo ake. Choncho mkazi ali ndi gawo, makolo ali ndi gawo, ana ali ndi gawo. Amalume omwe amaimirira pamaliro n'kunena kuti ife monga banja takhululuka, akukhululuka chinthu chomwe si chawo. Wamkulu aliyense akhoza kusiya gawo lake. Gawo la mwana wamng'ono palibe angalisiye ulele, ngakhale womuyang'anira. Ndipo cheke cha inshuwalansi chikatuluka n'kuthera m'manja mwa achibale omwe anayendetsa mapepala, mkazi ndi ana osaona kanthu, kumeneko ndi kudya chuma cha ana amasiye.

Womwalirayo akakhala kuti si Msilamu, udindo suchoka. Ndime yomweyo ikutchula anthu omwe tili nawo pa pangano la mtendere, ndipo ikulamula diya ndi kaffara pa iwonso. Madhhab anasiyana pa kuchuluka kwa diya yawo. Ma Hanafi anati ndi yofanana ndi ya Msilamu, ndipo m'dziko ngati lathu, momwe tonse tili nzika pansi pa lamulo limodzi, ine ndimatsamira kumeneko.

Za kuthawa pamalo a ngozi ndinene mwachidule. Ndikudziwa kuti madalaivala amaopa kumenyedwa ndi khamu, ndipo mantha amenewo si opeka. Woopa moyo wake apite molunjika kupolisi yapafupi n'kukanena kuti wovulala ali pakutipakuti. Koma wothawa kuti abisale, n'kusiya munthu akutha magazi yemwe akanapulumuka, waonjeza tchimo lomwe silili m'gulu la zosafuna. Nalo khamu lomenya dalaivala kapena kutentha galimoto lili ndi mlandu wakewake, ndipo wophedwa pamenepo waphedwa mwadala.

Ndibwerere kwa bambo wa pakhonde uja. Nditamufunsa, anavomera kuti ankayenda pafupifupi 80 pamalo pomwe pali nyumba ndi chikwangwani cholamula kuchepetsa liwiro, chifukwa ankafuna nsomba zifike kumsika zisanaonongeke. Mnyamatayo naye analakwa: analowa mumsewu waukulu osaima, usiku, wopanda nyali. Zifukwa ziwiri zinakumana. Ndinamuuza kuti iye si wakupha mwadala, ndipo chilango chomwe chatchulidwa pa wakupha mwadala sichikumukhudza. Kuti pa diya ali ndi gawo lake, ndipo ngati apolisi ndi khoti salekanitsa magawowo, likhale theka. Kuti mwendo wa mayi uja uli pa iye ndi pa mbali ya mnyamatayo. Ndi kuti akakhale pansi ndi mkazi wa malemuyo ndi makolo ake, osati ndi amalume okha.

Kaffara yokha siigawika. Anthu angapo akatenga mbali pa imfa ya munthu mmodzi, aliyense ali ndi kaffara yathunthu, malinga ndi ma ulama ambiri. Poti akapolo oti n'kuwamasula kulibe, yatsala ndi kusala miyezi iwiri yotsatizana, ndipo pa kaffara ya kupha ambiri sanalole kudyetsa osauka m'malo mwake, chifukwa ndimeyo sinatchule. Iye ankafuna kuyamba m'mawa mwake. Ndinamuletsa, chifukwa kwa ma Shafi'i Ramadhan imadula kutsatizanako, tsiku la Eid limadulanso, ndipo kumasula chifukwa cha ulendo kumadula, zomwe kwa dalaivala si nkhani yaing'ono. Tinawerengera limodzi. Akayamba pa 2 Shawwal, asala masiku otsala a mweziwo, Dhul Qa'da yonse, n'kukwaniritsa masiku 30 a mwezi woyambawo ndi tsiku limodzi kapena awiri a Dhul Hijja. Akachedwa kupyola pa 9 Shawwal, Eid ya nsembe ikhoza kumupeza asanamalize, n'kuyambiranso. Anati akapempha abwana ake kuti pa miyezi iwiriyo amupatse maulendo afupiafupi.